Kumbuyo kwa Wothamanga Womaliza

Ndinadzuka kusanache, pampando wapulasitiki pakhonde la nyumba yathu ku Area 47. M'nyumba amayi a mpingo anali atatopa nako kuimba. Panangotsala mawu awiri atatu okoka nyimbo pafupi ndi bokosi la mkazi wanga. Kuseri nkhuni zonyowa zinkatulutsa utsi wambiri kuposa moto. Linali tsiku lomaliza la chaka.

Ku Old Town tsiku limeneli ndi la mpikisano wothamanga. Anauyambitsa ndi bambo ake a mkazi wanga, omwe anali telala pakhonde la sitolo ku Area 1. Anatopa ndi phokoso la onyamula katundu pamsika, aliyense akudzitama kuti waliwiro ndi iye. Anawauza kuti ayambire pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, akwere mtunda wa ku City Centre, akathere pabwalo lina ku Area 13, ndipo wopambana amusokera buluku. M'kupita kwa zaka analowamo ogulitsa nsomba, akabaza, aphunzitsi, ngakhale a m'maofesi. Lamulo lalikulu ndi limodzi. Pamakhala wotseka, munthu woyenda kumbuyo kwa onse, ndipo sapitirira aliyense ngakhale akukwawa. Mpikisano sutha mpaka wotsekayo atafika. Bambo ake atamwalira, wotseka anali mkazi wanga.

Kuchipatala anawerenga masiku pazala, n'kundiuza kuti akatisiya sabata imeneyo tisakamudutsitse njira yachidule ya kumanda, akufuna akatseke kaye mpikisano. Ananena akuseka. Ndinavomera chifukwa ndinkaganiza kuti achira.

Koma pamaliro a mkazi wako sulamula, ndipo sulankhula. Eni maliro anali amalume ake ochokera kumudzi, cha ku Mitundu. Ine ndine mwana wa anthu akumpoto, wobadwira m'tauni, ndipo iwo sanaiwalepo zimenezo. Dzulo lake ndinali nditatuma achimwene anga kukapereka pempholo. Anabwera ndi mawu atatu: maliro si masewera.

Kutacha anthu anayamba kufika. A kuntchito kwanga anabwera ndi masuti akuda, a kumsika pa lole. Cha m'ma teni kunafika othamanga, amuna atavala majekete pamwamba pa makabudula, akazi atamanga zitenje. Sanalowe mutenti. Anaima kunja kwa mpanda. Wapampando wawo anali atasuntha mpikisano kuti uyambe masana poyembekeza kuti mwina yankho lisintha, ndipo nthawi ndi nthawi ankandiyang'ana. Ine ndinkayang'ana pansi.

Kunkatentha kopanda mphepo. Kum'mawa mitambo inkaunjikana, yakuda kunsi. Mkulu wa adzukulu, okumba manda, anafika nsapato zili matope n'kunong'oneza amalume. Ndinamva ndithu: dzenje latha, koma mvula ikatipeza lidzaza madzi, tifulumire. Abusa anafupikitsa ulaliki. Wowerenga mbiri ya malemu anatchula sukulu, ntchito ndi ukwati. Za mpikisano sanatchule.

Anthu atayamba kundanda kukaona nkhope, othamanga aja anachoka mmodzimmodzi kulowera ku mlatho, osadziwa ngati tibwera. Pamenepo ndinadzuka. Achimwene anandigwira jekete, ine ndinawachotsa dzanja. Ndinadutsa pakati pa tenti anthu onse akuona, n'kukagwada pamaso pa amalume.

“Apongozi, pepani. Ndikudziwa kuti ano si malo anga.”

“Ngati mukudziwa, bwererani pampando, akamwini.”

“Anandipempha yekha. Ndinavomera.”

“Munavomera za mwana wa yani?”

Analoza kumwamba ndi ndodo yawo. “Mitamboyo mukuiona? Madzi akadzaza m'manda mukakapa ndinu, ndi digiri yanuyo?”

“Ndikakapa.”

Amalume anatembenukira kwa mkulu wa mpingo n'kumuuza kuti atseke bokosi.

Amalumewo anakwera kutsogolo kwa galimoto ya maliro. Ine anandiika m'galimoto yachiwiri ndi achimwene. Tinafika pamphambano pomwe njira ina imalowera ku manda a ku Area 18, ina n'kutsikira ku Old Town. Galimoto ya maliro inaima. Sinayatse nyali yokhotera mbali iliyonse. Ndinkaona mitu iwiri, wa dalaivala ndi wa amalume, osagwedezeka. Kumbuyo kwathu amayi a pa lole anasiya nyimbo pakati. Ndinapeza kuti ndagwira chitseko ngati ndikufuna kutsika, osadziwa kuti ndikatsika ndikatani. Kenaka matayala anakhotera ku Old Town.

Pa mlatho othamanga anali atandanda kale. Zaka zonse pamakhala ng'oma ndi nthungululu, koma tsiku limenelo wapampando anangokweza dzanja n'kulitsitsa. Tinangomva mapazi. M'makonde a masitolo anthu anaimirira, amuna atavula zipewa. Galimoto ya maliro inadikira kuti onse adutse, n'kulowa kumbuyo.

Womaliza anali mayi wina wonenepa wogulitsa tomato. Pachitunda anasiya kuthamanga n'kuyamba kuyenda, manja ali m'chiuno. Mabingu anali atayamba. Maminibasi ankaliza mahutala mpaka ataona nkhata zamaluwa. Dalaivala wa maliro anayamba kupatukira kumanja kuti amupitirire. Ndinaona dzanja la amalume likutuluka pawindo n'kumenya chitseko kawiri. Galimoto inabwerera m'mzere.

Mayiyo anacheuka, nkhope ili thukuta ndi misozi. “Dutsani, bambo! Mvula iyo! Ine ndakhululuka!”

Amalume anatulutsa mutu. “Mayi, inu thamangani basi. Musatiphunzitse ntchito.”

Mvula inatipeza tikulowa mu City Centre. Inagwa yamphamvu, yoti mayi uja tinkangomuona ngati chithunzithunzi patsogolo pa nyali. Anagwa kamodzi, n'kudzuka yekha. Palibe anatsika kukamuthandiza, chifukwa lamulo silitero. Pabwalo ku Area 13 onse omwe anafika kale anali chiimire pamvula, ngakhale khonde linali pafupi. Mayiyo anadutsa mzere. Galimoto ya maliro inadutsa pambuyo pake. Wapampando anangoti, “Watha.”

Kumanda tinapeza madzi ofika m'mawondo. Adzukulu anali atakwiya, ndipo sanabise. Mkulu wawo anatenga ndowa n'kuiika patsogolo pa amalume. Amalume anandiloza ndi chibwano.

Mwamuna wa malemu salowa m'dzenje. Amayi ena anang'ung'udza, ndipo ndinamva mayi anga akunditchula dzina. Ndinavula jekete ndi nsapato n'kutsika. Madzi anali ozizira, ofiira. Ndinkatunga n'kupereka m'mwamba, osaona kuti akulandira ndani. Patapita nthawi adzukulu awiri anatsika, mmodzi akutukwana chapansipansi, ndipo tinamaliza atatu. Bokosi linatsika mvula itasanduka yowaza. Nkhata yanga ndinaika ndili wopanda nsapato.

Madzulo ake lole ya kumudzi inali yokonzeka kunyamuka. Amalume anabwera pakhonde pomwe ndinakhala. Sanandipatse dzanja. Anaima akuyang'ana anthu omwe ankagwetsa tenti.

“Mayi a tomato aja,” anatero, “chaka chilichonse amachedwa chonchija?”

“Chaka chilichonse.”

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. “Ndiye mwana wathu uja ankapirira.”

Anatsika masitepe mofulumira, n'kukakwera lole osacheuka.

Anthu atatha ndinalowa m'nyumba. Mipando yathu inali ikadali panja, makatani atachotsedwa, pabalaza pali mphasa zokha. Kuchipinda chakumbuyo mayi anga ndi azakhali ankalankhula Chitumbuka motsitsa, kenaka nawonso anakhala chete. Kutali, cha ku Area 25, ana anali atayamba kale kuombera makombola a chaka chatsopano dzuwa lisanalowe bwinobwino. Wina anali atanditenthetsera madzi osamba n'kuwasiya pakhomo la bafa. Ndinakhala pamphasa, dothi lofiira likuuma m'miyendo, mpaka madziwo anazizira.