"Ndikupezani" ya a Dalaivala

Pansi pa tebulo la m'shopu ya fotokope pali kompyuta yakale yopanda chivindikiro, ndipo eni shopuyo salola munthu kuikhudza ngakhale ndi bondo. Imeneyo ndiye seva. Anthu a mumsewuwo, aphunzitsi, atelala ndi ometa, amachezerana pa foni kudzera m'kabokosi kameneko, ndipo iko kamalumikizana ndi maseva ena akunja, iliyonse ili ndi mwini wake ndi malamulo ake. Dzina la eni shopuyo linaiwalika kalekale. Aliyense amangoti Amayi a Seva.

Ntchitoyo ndi yosayamikika. M'mawa amachotsa fumbi pa fani ndi kamswachi, amayesa batire, amafufuta za anthu otsatsa mankhwala ochepetsa thupi. Magetsi akazima, anthu amawakalipira ngati awazimitsa ndi iwo. Koma chimene chimawapiriritsa palibe akuchidziwa. Mwana wawo wamkazi anapita kunja atayambana, ndipo foni sayankha. Ali pa seva ina yaikulu kumeneko. Kale anawalola amake kumutsatira, ndipo mpaka lero sanawachotse. Mdzukulu wawo amuonera pomwepo akukwawa, akumera mano, iwo osalembapo kanthu, kuopa kumukumbutsa mwana wawoyo kuti anaiwala kutseka chitseko.

Tsiku lina masana kunabwera uthenga wochokera kwa woyang'anira seva yaikuluyo. Munthu wanu waopseza mayi wa kwathu, anatero. Mumuchotse lero lomwe, apo ayi tidula seva yanu yonse.

Amayi a Seva anauwerenga kawiri. Akadula, kutsatirana konse kumafufutika. Ngakhale atadzalumikizanso, aliyense ayenera kupempha kachiwiri, ndipo mwana uja akhoza kukana.

Woopsezayo anali a Dalaivala, gogo wopuma ntchito ya mabasi, amene chimwalirireni akazi awo amangokhalira foni ndi kadimba ka kuseri kwa nyumba. Mayi wakunjayo anaika chithunzi cha matimati ake, iwo n'kulemba kuti: "Abwino bwanji! Ndikupezani komweko, muzindidikira." Makina omasulira, opanda nzeru aja, anamuuza mayiyo kuti mwamuna wina akumusakasaka ndipo amupeza.

A Dalaivala anafika ali wefuwefu, chipewa chili m'manja.

"Ine kuopseza munthu? Mayi, ndilibe ndi pasipoti yomwe!"

"Nanga munalemberanji zimenezi, agogo?"

"Si mmene timalankhulira? Inu nomwe dzulo munandiuza kuti mundipeza. Kodi ndinathawa?"

Amayi a Seva analembera woyang'anira uja kuti mawuwa ndi a chinansi chabe. Yankho linabwera louma: aliyense amaikira kumbuyo wake. Anati akhulupirira pokhapokha wina wa pa seva yaikuluyo, wodziwa chilankhulocho, atachitira umboni.

Wodziwa chilankhulocho kumeneko anali mmodzi yekha.

Amayi a Seva anatsegula tsamba la a Dalaivala. Batani lochotsera munthu linali pomwepo, lofiira. Kungolidina, nkhani yatha, mdzukulu azionekabe.

"Ndichotseni, mwanawe," anatero gogoyo chapansipansi. "Ndizicheza ndi matimati anga."

Zimenezo n'zimene zinawapweteka Amayi a Seva. Chala chinakana. Anapsa mtima ndi makinawo, ndi woyang'anirayo, ndi gogo wosalakwayu, kenako anatsegula tsamba la mwana wawo. Analemba, n'kufufuta, n'kulembanso. "Mwanangu, ndine amako. Ndakhala ndikukuona pano. Gogo wina akunamiziridwa kwanuko. Chonde kawamasulire anthuwo, kenako ukafuna undichotse."

Anatumiza. Tsopano chinsinsi chinali poyera.

Kunabwera mphunzitsi ndi mapepala a mayeso, iwo n'kuwajambula chozondoka. Anabwereza. A Dalaivala anangokhala pa benchi n'kumazunguliza chipewa. Fani inkalira pansi pa tebulo, dzuwa n'kumatsetsereka pakhoma la telala kutsidya la msewu. Foni ikalira, Amayi a Seva ankaithamangira, koma anali anthu ofunsa ngati n'zoona kuti seva ikudulidwa.

Akutsitsa chitseko cha shopu, uthenga wa woyang'anira unalowa. Mlandu watha, anatero, ndipo mayi uja akupepesa. A Dalaivala anavala chipewa n'kuchivulanso.

Amayi a Seva sanasangalale. Anatsegula tsamba la mwana wawo ndi mantha, kuti aone ngati chitseko chija chatsekedwa. Zithunzi zinali zikadalipo, ndipo pansi pake panali uthenga.

"Ndawamasulira. Ndimadziwa kuti mumationa, amama. Mumayesa zithunzi zonsezi ndimaikira ndani?"

Anakhala pansi penipeni, pafupi ndi seva, misozi ili mbwee. A Dalaivala anasuzumira pa foniyo.

"Muyankheni, mayi. Koma samalani mawu, makina aja ali maso."

Amayi a Seva anapukuta m'maso n'kulemba liwu limodzi: "Ndikupeza."