Msana Wowotcherera

Ine mawu ndili nawo. Ndikaima pa chigafa changa n'kuitana ng'ombe, amayankha ndi anthu a kutsidya kwa dambo. Sukulu ndinalekeza sitandade 2, koma belo la fodya ndinkalichotsa ndekha pa jeke yodindira mabelo n'kukaliponya m'ngolo, amuna awiri akungondiyang'ana. Funsani aliyense wa ku Lukwa kuno, akuuzani. Izi ndikulemba choimirira, kope lili pawindo, poti kukhala pansi nthawi yaitali sindithanso.

Msana unayamba mwakachetechete. Kankangoluma m'chiuno m'mawa, ndikagwira khasu n'kuleka. Kenako ululu unatsikira m'mwendo wamanzere ngati wina akukoka waya wamoto. Sindinauze munthu. Koma mayi a kunyumba, amene ndinakhala nawo zaka zoposa makumi anayi, sankanamizika. Tsiku lina anandipeza ku nazale nditagwira keni yothirira, ndauma ngati chitsa.

"Bambo, mwaima choncho mukupemphera?"

"Ndikuwerenga mbande."

"Mbande amawerenga atatsinzina? Inu kufuula mumatha, koma kunena kuti mayo ndiye ayi."

Ndi iwowo amene anaimbira foni mwana wathu wamkazi wokwatiwa ku Lilongwe, ndipo ananditengera kuchipatala chachikulu ngati mbuzi yopita kumsika. Atandijambula, adokotala anapachika chithunzi cha mafupa anga powala. Anati pakati pa fupa ndi fupa pamakhala kanthu kofewa ngati labala, ndipo kanga kamodzi, ka m'munsi, kanaperepeseka.

"Njira zilipo ziwiri, bambo," anatero. "Yoyamba, timamanga mafupawo ndi zitsulo mpaka agwirane n'kukhala fupa limodzi. Tinene kuti kuwotcherera. Ululu umachepa, koma pamenepo sipapindikanso. Yachiwiri, timaika zomangira zomwezo, koma m'malo mwa chitsulo chouma timalumikiza ndi chingwe cholimba chomwe chimalola kupindika pang'ono. Msana umagwiririka, koma umayendabe."

"Ngati goli lomangira ndi chikopa," ndinatero ine, "osati lokhomera misomali."

Anaseka, nati ndamva. Anachenjeza kuti njira yachiwiriyo si ya aliyense ndipo sangalonjeze zonse. Imafuna munthu amene mafupa ake sanawonongeke kwambiri, ndipo ine ndinali ndikadali m'gulu limenelo. Madokotala odziwa ntchitoyo ankachokera kunja kamodzi pachaka, ndipo dzina langa analilemba. Mwezi wake unali Febuluwale.

Munthu wa m'tauni sangamve. Febuluwale ndi mwezi wothyola. Tsamba likapsa silidikira munthu: ukachedwa masiku atatu, lam'munsi lagwa, lawola. Uthyole, usoke, upachike m'chigafa, mvula ili pamutu. Ndiye wina akuti ndikagone pabedi, pambuyo pake miyezi itatu osanyamula ngakhale ndowa. Uthenga utabwera ndinati auzeni chaka chamawa.

Mayi anandiyang'ana nthawi yaitali. "Fodya ameneyu tidzathyola ife. Ine ndilipo, akamwini alipo."

"Akamwini amathyola ngati akukolola nkhwani! Munda wanga sungagwiridwe ndi anthu osadziwa tsamba."

"Chabwino. Ukadzauma msanawo mudzaupachikenso m'chigafa."

Chaka chotsatira uthenga unabweranso, ndipo fodya anali wokongola kuposa kale lonse, masamba ngati makutu a njovu. Ndinakananso. Ndinkathyola chokwawa, m'mawa anthu asanafike, kuti asandione. Ulendo umenewo mayi anangotenga chikwama chimene anandilongedzera n'kubweza zovala m'sutikesi, chimodzichimodzi, ine ndikuona.

Chaka chachitatu sindinapite ndekha, anachita kundinyamula. Ndinagwa pakati pa mizere, mwendo utafa dzanzi, ndipo mawu anga aja anagwira ntchito yake, mudzi wonse unathamangira kumunda. Adokotala omwe aja anapachika chithunzi chatsopano pambali pa chakale. Ngakhale ine wosaphunzira ndinaona kusiyana. Sipanalinso pamalo pamodzi, anali malo angapo, ndipo fupa lina linali litaseseleka kutsogolo.

"Ndabwera, ndiikeni chingwe chija," ndinatero mokweza, ngati ndikugula feteleza.

"Bambo, chingwe chija sichingagwirenso apa. Yatsala njira imodzi."

Anawotcherera. Sindiwanena zoipa, ntchito anaigwira bwino. Moto wa m'mwendo unazima, ndimayenda, ndimagona tulo. Koma kuyambira m'chiuno kukwera ndithu ndine mphanda ya chigafa. Nsapato ankandiveka ndi mayi. Ndalama ikagwa pansi ndimaiponda n'kudikira wodutsa. Maondo nawo anatha kalekale ndi mabelo, choncho kunjuta sindingathe. Ndikakumana ndi akuluakulu ndimawomba m'manja nditaima njo, ndipo ndinamvapo wina pamsika wa Mtunthama akuti, "Matama aja tsopano alowa m'mafupa." Ananena zoona.

Mayi ankandiseka pondimanga zingwe za nsapato. "Taonani, bwana wamkulu. Kale ndinkagwada mwaulemu, lero ndikugwada mwaganyu."

Anadwala masabata awiri okha, dzinja lathali, n'kutisiya.

Kwathu kuno bokosi limaikidwa pamphasa m'nyumba ya siwa, pansi, amayi atalizungulira. Nthawi yoona nkhope ikakwana, adzukulu, amene amakumba manda ndi kunyamula maliro, amatsegula kumutu pang'ono, ndipo aliyense amadutsa, kuwerama, kuona, n'kutuluka. Ine monga mwamuna wawo anandilowetsa poyamba. M'nyumba munali mdima wa anthu ambiri, kawindo kamodzi. Ndinafika pabokosi, ndinayang'ana pansi. Ndinaona nsalu yoyera ndi mthunzi basi. Maso anga ndi okalamba, nkhope inali kutali, kumapazi anga.

Ndinayesa kuwerama. Msana unakana. Ndinayesa kupinda maondo, ndinagwira phewa la mlamu wanga, mchimwene wawo wa malemu, koma ndinadziwa kuti ndikatsika ndigwera pabokosi. Nyimbo inkapitirira. Kumbuyo kwanga mzere unali kudikira. Ine amene ndimamveka kutsidya kwa dambo ndinatsegula pakamwa, osatuluka kanthu.

Anazindikira ndi mkamwini wanga, yemwe uja ndinkati amathyola ngati nkhwani. Ananong'oneza mkulu wa adzukulu. Mkuluyo anayamba wakana, nati bokosi likaikidwa pamphasa silinyamuka mpaka ulendo wa kumanda. Mlamu wanga anati, "Asiyeni awaone akazi awo." Anatuluka anthu awiri, n'kubwera ndi tebulo langa losankhirapo fodya, lija lalitali limene ndinakhometsa nditachoka kuchipatala kuti ndizisankha masamba choimirira. Linali likadanunkha fodya. Anakweza bokosi pamenepo.

Ndinawaona. Anawamanga duku lobiriwira limene ankapita nalo kutchalitchi. Pakamwa panali ngati akufuna kunena kanthu kena kondiseka. Ndinaimapo nthawi yaitali kuposa mmene mwambo umalolera, ndipo palibe anandikoka.

Chaka chino fodya walima ndi mkamwini. Ine ndimaima kumapeto kwa munda, osalankhula zambiri. Tebulo lija analibweza m'chigafa, koma sindinasankhirepo tsamba ngakhale limodzi. Nsapato ndinasiya, ndimavala patapata.