Jeneza la ababa ndi ndege ya mtsogoleri

Ababa anakalambira pa bwalo la ndege la ku Makokola, koma sanakwerepo ndege. Ntchito yawo inali yotchetcha udzu. Mvula ikangogwa, udzu wa pamenepo umamera ngati wachita kutumidwa, ndiye iwo ankalawira ndi chikwakwa, kofiya kumutu, n'kumabwera madzulo miyendo ili tuu. Ndege ankazikonda ngati ana awo. Ikangolira kumwamba, ngakhale ali pakati pa chakudya, ankasiya mbamu m'manja n'kukweza maso mpaka izimiririke.

Za alendo odzaona nyanja ankaziona zikutera, n'kumazibayibitsa. Imene sanaionepo ndi ya mtsogoleri wa dziko. Ikamayembekezeka, kunkayamba kufika achitetezo ochokera ku tauni kudzasesa chilichonse chosakondweretsa maso: mbuzi, ogulitsa mango, ndi ababa. Malaya awo anali azigamba, ndiye ankawauza kuti akakhale kuseri kwa tchire mpaka alendo adutse. Iwo ankapita osawiringula. Madzulo ankatifotokozera mosangalala kuti aimva ikutera bwinobwino, sinadumphe ngakhale pang'ono, kusonyeza kuti bwalo analisamala. Ine zinkandinyansa. Ndinkawafunsa kuti munthu angamanyadire bwanji chinthu chimene amamubisira, iwo n'kumangoseka kuti mtima wanga wapachalawu udzandipweteketsa. Sananame.

Anamwalira m'mawa wina m'nyengo yotentha, titangochoka ku swala, mapemphero a m'bandakucha. Ife Asilamu maliro sitigoneka. Munthu akapita m'mawa, dzuwa lisanalowe akhale ali m'nyumba yake yomaliza, ndipo ndi kutentha kwa ku Mangochi kuno palibe amene angatsutse nzeru imeneyi. Tinawasambitsa, tinawakulunga mu sanda, nsalu yoyera ya maliro, anyamata anakakumba manda pambali pa mayi anga monga ananenera eni ake. Panatsala ntchito imodzi yomwe inali yanga ine mwana wawo woyamba: kutsikira m'manda, kuwalandira, kuwagoneka cha kumanja nkhope kuloza ku Maka, ndi kumasula mfundo za sanda. Ababa anali atandikumbutsa kangapo akudwala kuti asadzalandiridwe ndi manja achilendo ine ndilipo.

Manda athu ali kutsidya kwa bwalo lija. Njira yake imadutsa kumapeto kwenikweni, kumene ndege sifikako, ndipo makolo athu ankaiyenda kusanabwere bwalo lililonse. Tsiku limenelo tinapeza yatsekedwa ndi chingwe. Mtsogoleri ankabwera. Amayi ovala nsalu zofanana anali akuimba kuyambira m'mawa, mbendera zili petupetu, kapeti wofiira atamuyala n'kumupsinja ndi miyala kuopa mphepo. Msewu wa tala, umene tikanazungulira, nawo anali atautseka.

Ashehe athu ndi munthu wofatsa, woti ngakhale utamuponda amayamba ndi iye kupepesa. Anapita okha kukalankhula ndi mkulu wa achitetezowo. Atabwerako anatiuza kuti tidikire ndege itere, alendo anyamuke, ndiye atitsegulira. Titafunsa kuti itera nthawi yanji, anati sakudziwa, ndipo mkuluyonso sakudziwa. Ndege ya mtsogoleri siyendera wotchi, wotchi ndi imene imayendera iyo.

Tinadikira pabwalo la mzikiti, jeneza lili pamthunzi wa mtengo wa mango. Jeneza ndi machira amene timanyamulira maliro. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka, mthunzi unasuntha, ife n'kumalisuntha. Tinaswali Alasiri, swala ya chakumadzulo, ndege zii. Ntchentche zinayamba kuzungulira, ndipo mlongo wanga ankaziingitsa ndi mpango akulira chamumtima. Ashehe anapitanso kachiwiri. Ulendo uno anabwera akuyang'ana pansi, ndipo ndinachita kuwakakamiza kuti anene. Mkulu uja anali atanena kuti ngati zavuta tiike mawa. Anawonjezanso kuti jenezalo likuonekera kuchokera pabwalo la ndege, ndiye tilichotse tikaliike kuseri kwa tchire, poti si bwino alendo olemekezeka kulandiridwa ndi maliro.

Kuseri kwa tchire. Tchire lomwe lija.

Sindikumbuka kuti ndinaimirira bwanji. Ndinangouza anthu kuti ababa anabisidwa mokwanira ali moyo, lero adutsa poyera. Ashehe anandigwira dzanja n'kundikumbutsa za kupirira. Ndinawayankha mwaulemu kuti kupirira ababa anapirira kokwanira tonse a m'banja mwathu, ine gawo langa anandithera. Anayang'ana dzuwa, anayang'ana jeneza. Anangokonza mkanjo wawo n'kutsogola.

Amene sanaonepo maliro a Chisilamu sadziwa mmene jeneza limayendera. Silikhala ndi eni ake onyamula. Amuna amandanda mbali ziwiri, lija limangodutsa pamapewa, ukalipereka kwa mnzako umathamangira kutsogolo kukalidikiranso. Aliyense wokumana nalo panjira amapereka phewa lake, kaya wakufayo amamudziwa kaya ayi. Ndipo timayenda mwachangu, tikutchula dzina la Mulungu, osati chinyachinya ngati tikupita kukapepesa.

Ine ndinali kutsogolo, kudzanja lamanja. Titafika pachingwe, mkulu uja anaima pakati pa njira, wailesi yake m'manja. Anali munthu wathupi, thukuta lili kamukamu, ndipo ndikhulupirira kuti nayenso anali atatopa ndi ndege yakeyo.

"Iwe, sunamve zimene ndawauza akuluwa?"

"Ndamva, bwana," ndinatero. "Koma amene tanyamulawa ndi omwe anatchetcha pamene mwaimapo. Akudutsa."

Anakodola anyamata ake, n'kuwalozera ine. Iye ankaganiza kuti jeneza lili ngati ngolo, ukagwira ng'ombe yakutsogolo zonse zaima. Anandikoka pamkono, ndinamva mtengo wa jeneza ukuchoka paphewa panga, koma sunagwe. Phewa lina linali litalowa kale. Anagwira wachiwiri, pamalo pake panalowa wina. Chingwe chija wina anangochikweza m'mwamba, ababa n'kudutsa pansi pake.

Chimene sindidzaiwala ndi anthu amene anabwera kudzaonerera ndege. Amuna ambiri pagulu lija anali akwathu konkuno, ena asodzi a ku Nkhudzi amene sapita n'kumzikiti komwe. Ataona jeneza anachita zimene munthu woleredwa amachita. Anachoka pamzere n'kuthamangira kukapereka phewa. Amayi oimba aja anasiya nyimbo pakati, ena anagwada. Achitetezo anasowa womugwira. Ukagwira uyu, jeneza lili kale pa anthu ena kutsogolo. Linayenda choncho kumapeto kwa bwalo, poyera, nsalu yake yobiriwira ikuoneka kwa aliyense, mpaka linakalowa m'mitengo ya kumanda.

Wachiwiri amene anamugwira uja anamutaya. Ine anandisunga, poti pamlandu pamafunika munthu. Anandimanga manja kumbuyo n'kundikhazika pansi pambali pa galimoto yawo. Ndinawapempha, ndipo sindichita manyazi kunena kuti ndinalira. Ndinati andiperekeze ngakhale ndili womangidwa, ndikangolandira ababa ndibwerera, andichite zimene akufuna. Mkulu uja anangoyang'ana kumbali. Wailesi yake inali itayamba kulankhula.

Ndiye inabwera. Inatulukira cha kunyanja, yoyera, yonyezimira, mbendera atajambula kuchipsepse. Inatera mofewa, sinadumphe ngakhale pang'ono. Ababa akanamva akanagona tulo tabwino. Inadzaima pafupi kwambiri moti ndinkamva kutentha kwa mpweya wake kumaso, ine amene sindinaifunepo, pamene munthu amene anaitchetchera udzu moyo wake wonse ankamuthamangitsa. Nyimbo zinayambiranso. Chitseko chikutseguka, wachitetezo wina anandigunda ndi nsapato kuti ndiimirire ndipereke ulemu.

Ndinaimirira, eya. Ndinatembenuka n'kuipatsa msana, nkhope kuloza kumanda. Anandikankha kuti nditembenuke, ndinabwerera momwemo. Kundimenya pamaso pa alendo sakanatha, ndiye anangondisiya. Mtsogoleri sindinamuone, ndipo sindikudziwa ngati iye anaona munthu womangidwa atamufulatira. Ndinkangoyang'ana mitengo ija, ndikudziwa kuti nthawi yomweyo wina akutsikira m'dzenje limene linali langa kutsikiramo.

Magalimoto atanyamuka anandimasula, ati ndizipita ndipo ndithokoze kuti lero ndi tsiku lachisangalalo. Ndinathamanga. Ndinapeza anthu akubalalika, mtumbira ataumba kale, dzuwa lisanalowe. Ashehe anali atandidikira. Ndinawafunsa kuti ababa anawalandira ndani.

"Ine, mwana wanga," anatero. "Ndinawauza ababa ako kuti wachedwa pa chifukwa chabwino."

Pali achibale amene mpaka pano amati ndinalakwa, ndikanadikira pang'ono chabe ndikanawaika ndekha ababa. N'zoona, ndegeyo sinachedwenso kwambiri. Koma pang'ono ameneyo tinkamudziwa ndani? Ndipo ndikanadikirira kuti, kuseri kwa tchire? Zimandiwawa, sindibisa. Mfundo za sanda ya ababa anamasula munthu wina, ndipo zimenezo sizidzabwereranso. Koma atandibwezera tsiku lija, chingwe chomwecho, mkulu yemweyo, ndikhoza kulinyamulanso jeneza lija.

Chikwakwa chawo ndinachisunga, ndimatchetchera kumanda mvula ikagwa. Nthawi zina ndili pakati pa ntchitoyo ndege imadutsa chapansipansi ikukatera, ya alendo kaya ya akuluakulu, sindidziwa. Sindikweza maso.