Kona Yosapakidwa ya Mayi Anjelina

Inu ofuna mawu olimbikitsa, musayembekeze nkhani ya galimoto ndi masuti. Mvetserani za mayi Anjelina a ku Likoswe.

Namondwe wa Freddy atadutsa, mayi Anjelina anapezeka atakhala pamatope pomwe panali nyumba yawo. Amuna awo, a Rafaeli, khoma linawagwera. Linali khoma lomwe mayiwo ankalikongoletsa chaka ndi chaka ndi dothi lofiira, makala ndi phulusa, monga anawaphunzitsira mayi awo: mizere yothithikana, zinthu za makona atatu, zopanda maluwa, zopanda nkhope ya munthu.

Maliro asanazizire, anthu anayamba kunong'ona. "Zolembalemba zija ndi zizimba. Zaitana madzi." Anthu ndi choncho. Ukagwa, amayamba akufunira mlandu, dzanja pambuyo.

Khoma analibenso, ndiye anatola mapepala a matumba a simenti n'kumalembapo, kukayala pamsika wa Namadzi. Ogulitsa anzawo ankafa ndi phwete.

"Amayi, nkhuku ili pati apa? Kapena ndi masamu a sitandade faifi?"

Mayi Anjelina ankayankha mofatsa. Za makona atatuzo ndi mapiri amene makolo awo anakwera pothawa ku Mozambiki. Mizere yothithikana ndi mizere ya fodya imene anailima pa thangata, m'minda ya azungu, osaloledwa kuweramuka. Ndipo pamzere uliwonse wa zolembazo mayiwo ankasiya kona imodzi yosapaka, yoimira amene anatsala panjira osaikidwa m'manda.

Tsiku lina kunabwera Trevor, wogulitsa zokongoletsa ku Blantyre, wonunkhira perefyumu.

"Izi zikhoza kuyenda, mami. Ndizizitenga zonse mwezi ndi mwezi. Koma mukumaiwala kupaka apa. Dzazani, makasitomala sakonda zosamaliza."

Tsikulo mayi Anjelina anali atangomwa madzi okha.

"Achimwene, pamenepo pagona anthu. Sindingawakwirire ndi penti."

Trevor anaseka n'kukwera minibasi. Iwo anabwerera wapansi, mapepala ali kumutu, akulira njira yonse. Anapitirizabe miyezi isanu ndi iwiri, zala zikung'ambika ndi phulusa, pena kugulitsa limodzi, pena ayi.

Kenako namwino wina, a Nester, anaima pamsikapo n'kugwira pakamwa. Mizere ija inali ngati mphini zimene zinali pamasaya pa agogo awo. Anakalankhula ndi akuluakulu a chipatala cha mishoni, ndipo mayi Anjelina anapatsidwa khoma lonse la chigafa cha odikirira odwala.

Akulemba, nkhalamba zinkasonkhana kumbuyo kwawo, zina zikung'ung'udza m'Chilomwe chimene zinasiya kalekale. Bambo wina, a Goliati, anavula chipewa.

"Mayi, mundisiyireko makona awiri. Ana anga anapita ndi madzi, sitinawapeze."

Anawasiyira. Mawa lake kunabwera ena, mkuja enanso.

Lero mayi Anjelina ali ndi nyumba ya malata, ndipo amayi asanu ndi mmodzi akuphunzira kwa iwo. Ena mwa iwo ndi omwe ankanong'ona aja, ndipo palibe anapepesa. Mayi Anjelina saseka kawirikawiri.

Tsono iwe amene wagwa, dziko silidzakumvera chisoni, ndipo wobwera akumwetulira umuyang'ane kawiri. Koma chimene wagwira m'manja, ngakhale chikhale dothi, usachigulitse chifukwa cha njala ya tsiku limodzi. Limba mtima, dzuka, usataye.