Dzanja la Mlombwa

Ndikakumbukira agogo aChisale, chimayamba kundipeza ndi fungo la mlombwa wosemedwa kumene, losakanikirana ndi la fodya wouma m'chigafa ndi utsi wa zitsononkho zimene amayi ankasonkhezera moto nkhuni zikasowa. Kenako makutu amamva kasemasema, go, go, go, kupuma pang'ono, go, kuyambira mame asanakamuke mpaka dzuwa litafika pamutu. Ankakhala pa kampando kuseri kwa chigafacho, m'mudzi mwathu kufupi ndi Namitete, zibanthu zofiira zitawakwirira mapazi, magalasi awo a mwendo umodzi atamangirira ndi ulusi kukhutu.

Yandikumbutsa zonsezi ndi foni. Masiku ano ndimagulitsa mbewu ndi mankhwala a m'munda m'shopu ya eni ake pa Nsaru, ntchito yoimirira tsiku lonse, moti pofika masana miyendo imakhala ngati yobwereka. Ogula akatha ndimatulutsa foni yanga yong'aluka galasi n'kumajambula ndi chala. Si luso lodyera ayi, n'longopumulira. Tili ndi gulu pafonipo, anthu osadziwana nkhope, ndipo Lolemba lililonse amene amatitsogolera amaponya mutu woti tijambule, kaya njinga ya makala, kaya mzere wa kuchigayo, ife n'kumaonetsana zimene tatulutsa. Sabata ino waponya chithunzi cha chiboliboli chakalekale cha kunja: mzimayi wa mwala woyera, manja onse awiri oduka, nsalu ikutsetsereka m'chiuno. Nditachiona ndinangokhala pansi pa thumba la feteleza. Mayi ameneyu ndimamudziwa ine, anafikapo kwathu.

Anafika ali papepala long'ambidwa m'kalendala, m'thumba la aMbewe, mphunzitsi wa kusekondale. AMbewe ankafuna kuti agogo awasemere mayiyo, kuti ana asukulu aziyang'anapo pophunzira kujambula, ndipo mtengo wa mlombwa anabwera nawo okha pangolo. Chinali chaka chimene agogo aakazi, aNabanda, anagona pamphasa osadzukanso. Anamwalira chimanga chikucha, mtengowo usanakhudzidwe n'komwe. Ine ndinali ndi zaka khumi.

Agogo aChisale anali mkamwini. Anachokera ku Kabudula ali mnyamata kudzakwatira aNabanda, ndipo anakalambira m'mudzi mwathu akusema mitondo, minsi, mipini ndi zipande za mudzi wonse. Koma mkamwini amakhala mkamwini basi, ngakhale imvi zimere. Maliro atatha, anthu atameta, abale awo anabwera kudzawapempha, ndipo akuluakulu a mbumba yathu anavomera kuwasudzula, kuti amasuke abwerere kwawo. Palibe amene anawathamangitsa. Aliyense ankalankhula mwaulemu, akuwomba m'manja. Agogo anangopempha chinthu chimodzi.

"Ndili ndi mtengo wa eni pakhomo pano," anatero. "Ndikamaliza ntchitoyi, ndipita."

Choncho ndinadziwa, ndipo mudzi wonse unadziwa, kuti tsiku limene chibolibolicho chidzathe ndilo tsiku limene ndidzakhale wopanda agogo onse awiri.

M'mawa umene anayamba ntchito anandiitana, pepala lija atalitambasula pabondo.

"Esinta, maso ako ndi atsopano. Manja a mayiwa ali kuti?"

"Palibe, agogo."

Anatsonya. "Anthu onyamula katundu awa! Kuthyola chinthu chokongola chonchi, n'kuchijambula osachita manyazi. Taona, nsalu ikuwagwa. Aigwira ndi chiyani?"

Ndinaseka, kuseka kwanga koyamba chiikireni maliro, koma iwo sanaseke. Kwa agogo chinthu chothyoka chinali chofuna kukonza. Mpini ukathyoka ankakhomera wina, mtondo ukang'aluka ankaumanga ndi waya. Zoti kuli anthu amene amasirira chinthu chili chothyoka chomwecho, m'mutu mwawo zinalibe pokhala.

Thupi linayenda mofulumira mochititsa mantha. Sabata zitatu zokha mutu unaoneka, mapewa anaoneka, ndipo nsalu ija anaikweza mpaka m'khwapa, chimodzimodzi chitenje cha munthu wochokera kosamba. Ine nditaona liwiro limenelo ndinaba kasemasema n'kukamukwirira m'nkhokwe, pansi pa chimanga. Ndinkayembekezera ndodo. Agogo anafufuza pang'ono, kenako anakhala pansi, natenga phale la botolo losweka, nayamba kupala nalo mapewa pang'onopang'ono, akulankhula ndi nkhuku.

"Kasemasema wanga wapita kocheza. Akatopa abwera."

Tsiku lachitatu manyazi anandikulira, ndipo ndinakamuika pakampando pawo, mankhusu ali mbuu. Sanandiyang'ane kumaso.

"Usavutike n'kubisa zitsulo, mayi wanga," anatero. "Manja sasemedwa tsiku limodzi."

Apo mpamene ndinazindikira kuti tinali awiri osafuna kuti ntchitoyo ithe.

Manja aja anatenga nyengo yonse yokolola mpaka chisanu chinalowa. Anthu anakumba mtedza, fodya anamangidwa mabelo n'kupita, mphepo inayamba kuuluza mapesi m'minda, agogo adakali pa zala. Kasemasema anamusiya, anatsala ndi kampeni kakang'ono ndi phale lija, ndipo phokoso lawo linasanduka kwe, kwe, kwe, lomveka kwa munthu amene wakhala pafupi basi. Nthawi zina ankatsinzina, n'kumasisita m'chikhato chawo chomwe ndi chala chachikulu, ngati akufunsa khungu lawo kuti liwakumbutse. Phala linkazizira pambali pawo mpaka kugwira khoko, amayi n'kubwera kudzalitenga akudandaula kuti atate mudzadwala.

Amene anayamba kuzindikira anali amayi ena opita kumjigo. Anaima ndowa ili pamutu.

"Abale inu! Si dzanja la aNabanda ili?"

Linali lomwelo. Kachala kakang'ono kopindika, kamene kanathyoka ndi munsi ali mtsikana n'kupola mokhota. Chipsera cha moto pamkono. Nsonga za zala zophwatalala ndi kusoka fodya zaka zonse zija. Lamanzere linagwira mfundo ya chitenje pachifuwa, lamanja linatambasuka pang'ono kutsogolo, chikhato chili m'mwamba, monga ankachitira potipatsa mtedza wokazinga. Nkhope inali ya mayi wa papepala, mphuno yosongoka ija, koma manja anali athu. Amayi anga ataona anapita kuseri kwa nyumba ndipo anakhalitsako.

AMbewe anabwera Loweruka lina m'mawa, ngolo ili pambuyo. Anali munthu waulemu, zimenezo ndisawanamizire. Anapereka moni atagwira chipewa m'manja, nazungulira chibolibolicho kawiri, kenako anaima, akukanda kumutu.

"Agogo, ntchito mwagwira, palibe angatsutse. Za chitenjezi ndikumvetsa. Koma manjawa achokera kuti?"

"Ndakonza," anatero agogo. "Papepalapo anathyoka."

"Aaa, ayi agogo. Chimenechi chimadziwika chomwecho. Anthu amayenda maulendo ataliatali kukachiona chili chopanda manja."

"Kukaona ngozi, eti?"

AMbewe anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wasowa pogwira. Anafotokoza kuti m'buku la anawo mayiyo alibe manja, ndipo mwana akazolowera kumujambula ndi manja adzasekedwa ndi amene amadziwa. Anati mwina kulakwa kunali kwawo, posanena poyamba. Ndinayang'ana agogo, ndikuganiza kuti akana, kapena anena kuti bweretsani mtengo wina ndiyambirenso, tipezepo miyezi ina itatu. Koma mlombwa wina ukanachokera kuti? Ndipo nkhope yawo inali itatopa, kutopa kumene ndakudziwa tsopano ndili wamkulu, kwa munthu amene wazengereza mpaka pomaliza ndipo zonamizira zamuthera.

"Mtengo ndi wanu," anatero. "Esinta, kanditengere sowo."

Sindinasunthe.

"Esinta."

Ndinakatenga, misozi ikugwera pa mano a sowoyo. Anayamba ndi lamanzere, ndipo popeza linamatirira pachifuwa silikanachoka lathunthu. Analigumula ndi kasemasema, go, go, go, zala za agogo aakazi zikugwa chimodzichimodzi n'kusakanikirana ndi zibanthu zina zonse. AMbewe anatembenuka n'kumayang'ana ng'ombe zawo. Atafika pa lamanja, agogo anaika sowo m'munsi mwa phewa, nandiyang'ana kumaso koyamba tsiku limenelo.

"Gwira dzanja la agogo ako, lisagwe pansi."

Ndinaligwira ndi manja onse awiri. Linali lofunda ndi dzuwa, losalala ngati munsi wakale, ndipo sowo ikamapita ndi kubwera linkanjenjemera m'manja mwanga, utuchi wofiira ukundithira kumapazi. Ndinalira mokweza, osachita manyazi ndi mlendo. Kenako kulemera kwake konse kunabwera kwa ine. Agogo anasalaza podula paja ndi phale, bwinobwino, chifukwa ntchito yosamaliza sankaidziwa, ndipo anathandiza aMbewe kugoneka mayi wawo pa udzu m'ngolo.

Lachitatu lotsatira anakwera matola kupita ku Kabudula. Katundu wawo yense anakwana m'thumba limodzi la feteleza, zitsulo zikulira m'katimo. Ndinathamangira galimotoyo ndi dzanja lija, ndikuyesa kuti aliiwala, koma anandikupizira chipewa kuti ndibwerere. Ndinawaonanso kamodzi kokha, atawonda, akusema chipande chimene sichinkawongoka. Mvula ziwiri zitadutsa tinakawaika konko, kutali ndi manda a aNabanda. Kusukulu kuja sindinapiteko kukaona mayi uja, ngakhale pano ndi ulendo wa kabaza basi. Ndikamuuze chiyani?

Anzanga a m'gulu atumiza kale zojambula zawo, ndipo n'zokongola ndithu. Wina wamupaka mayiyo utoto wa buluu, wina wamuimika pa depoti pakati pa maminibasi. Onse amusiya wopanda manja, monga mwa buku. Ine ndayesa katatu kuyamba ndi mutu, chala chikukana. Dzulo masana, shopu ili zii, ndinamasula kansalu kamene kamakhala pansi pa chikwama changa, n'kuika dzanjalo pakauntala. Lada tsopano, mlombwa wasanduka ngati chiwindi ndi thukuta la zaka zonsezi. Ndinalijambula lokha, kachala kopindika, chipsera, mpaka podula paja pamene mano a sowo amaonekabe. Nditatumiza, wina anayankha mwachangu, tinkhope toseka tili ndandanda: "Sisi, kodi mutu wa sabata ino mwauona? Mwajambula chimene palibe." Ndinayamba kulemba yankho, koma linatalika, ndipo kunalowa bambo wofuna mankhwala a mbozi. Ndinafufuta zonse.

Mwana wanga wamkazi amandifunsa chifukwa chake ndimayenda ndi chikuni m'chikwama, pamene ndimadandaula phewa tsiku lililonse. Amanena zoona, n'cholemera, ndipo ine ndatopa. Dzanjali ndayenda nalo ku ukwati, ndabwerera nalo ukwati utatha, ndasamuka nalo nyumba za lendi zimene sindingaziwerenge. Kangapo ndaliikapo pawindo kuti likhale pamenepo, koma ndikafika pamsewu ndimabwerera. Agogo anandiuza kuti ndigwire lisagwe pansi. Sanandiuze kuti ndidzasiye liti.