Phazi la Goodwell pa dothi la ku Ilford

Goodwell Kachingwe anafika ku London mu 2003, n'kupeza ntchito yosamalira okalamba ku nyumba ina ya ku Ilford. Kwawo ndi ku Ntcheu, ndipo munthu wa ku Ntcheu ukam'landa khasu sagona tulo. Anapempha malo olima, ndipo atadikira mpaka kutopa, anapatsidwa kadimba m'mbali mwa mtsinje wa Roding.

Mvula ya Novembala itagwa, mkuluyu anaunga mizere n'kudzala chimanga ngati ali kwawo. Kalanga ine, Novembala wa ku London! Mbewu zinaolera m'nthaka momwemo chifukwa cha chisanu. Azungu a madimba oyandikana ankangomwetulira, paja ulemu wawo ndi umenewo. Koma oyang'anira madimba sanabise mawu: chaka chikatha dimba lili mbee, alipereka kwa wina. Goodwell zinamuwawa kwambiri.

Amene anamuseka poyera ndi bambo Roy, nkhalamba yovuta imene Goodwell ankaisambitsa m'mawa uliwonse. Iwowa anabadwira ku Canada, m'chigwa cha mtsinje wa Red, ndipo chibwerereni ku London nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse sanapondekonso kwawo.

"Iwe ndi makolo anga n'chimodzimodzi," anatero bambo Roy uku akutsokomola. "Anali Afalansa, anakwera mtsinje pa mabwato kufuna zikopa. Ataona chidambo chopanda malire, dothi lakuda bii, anadula minda yaitali yopyapyala kuti aliyense akhudze madzi. Anadzala mwa chikwawo, chisanu n'kupsereza zonse. Eni dziko akanapanda kuwagawira nyama yofutsa, bwenzi ine kulibe."

"Ndiye nditani, bambo?"

"Leka kuyang'ana kumwamba. Vula nsapato, ponda dothi. Phazi likapirira kuzizira kwake, dzala."

Kuyambira Malichi, Goodwell ankatsika basi, kuvula nsapato, kuponda, n'kudumpha ngati waponda khala la moto. Anansi aja ankayesa ndi pemphero la kwawo. Mu Meyi phazi linapirira, iye n'kudzala. M'mawa uliwonse bambo Roy ankafunsa kuti chimanga chafika pati, Goodwell n'kuloza pa bondo, kenako m'chiuno, kenako pa phewa.

Mu Sepitembala oyang'anira aja anapeza chimanga chitabereka, nkhani yolanda dimba inathera pomwepo. Goodwell anaphika chachiwisi n'kupita nacho kuntchito, koma bambo Roy anali atafooka, akungomeza phala lokha. Anachinunkhiza n'kuchibweza.

"Undibweretsere dothi," anatero.

M'mawa mwake Goodwell anabwera nalo m'beseni lowasambitsira. Anagwada, anawavula sokosi, n'kuika phazi lawo lowondalo pa dothipo. Bambo Roy anatseka maso, zala zikufukula pang'onopang'ono, misozi ili chuchuchu. Goodwell naye anakumbukira munda wa bambo ake ku Ntcheu umene tsopano ukulimidwa ndi ena.

Patapita nthawi nkhalamba ija inatsegula maso.

"Lazizira," inatero. "Usadzale."