Ba Chilekwa ndi achule a ku Kanyama

Ba Virginia Chilekwa anaphunzitsa Giledi 2 ku Kanyama m'zaka za chipani chimodzi, ndipo dzinja lililonse madzi ankalowa m'kalasi mwawo mpaka m'maondo. Iwo ana sankawabweza ayi. Ankawakweza pamadesiki, n'kukwinda chitenje, n'kuyamba kusakasaka m'madzimo mpaka atagwira chule.

"Onani mendo yake, yali monga ya bakha! Mumanzi asambira, pamtunda adumpha. Imwe mungakwanise?"

Chule akawapulumuka m'manja, ankamuthamangitsa akumukalipira, majombo ali phwa phwa phwa.

Chaka china pamayeso anafunsa kuti: tchulani nyama ziwiri zokhala m'madzi ndi pamtunda pomwe. Kalasi yonse inalemba kuti chule ndi Ba Chilekwa. Anakalipa tsiku lonse, koma onse anawachonga kuti akhoza.